Ine, Apongozi ndi Mbuzi Pachilumba

Mukamva munthu akunena kuti ulemu supweteka, mumutumize kwa ine. Ine ulemu unandigoneka pachilumba, unandidyetsa nyama yopanda mchere, kenako unandisiya panjira mphasa ili pamutu. Nkhaniyi sindiikamba kawirikawiri, chifukwa omvera amafa ndi phwete pamene kwa ine si yoseketsa.

Zinachitika kwathu ku Lifidzi nkhondo ija ili mkati, Apwitikizi asanapite kwawo. Ndinali mnyamata wophunzira kumishoni mpaka kwarta kalasi, kalasi yachinayi ya Apwitikizi, ndipo ndinali nditangolowa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Rozina. Rozina ndinkamukonda, ndisakunamizeni, kumukonda kochita kuiwala kudya. Koma amayi ake, aNaphiri, sankandiwerengera. Ankauza anthu kuti mwana wawo wakwatiwa ndi manja ogwira choko. Mkamwini ndi tambala wobwereka, akatopa naye amam'bweza, ndiye ine ndinalumbira kuti pa khasu andinyoze, koma pa ulemu asadzandipeze chifukwa.

Inu a masiku ano mumapisa m'mbale imodzi ndi apongozi anu, simungamvetse. Nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankathawana. Osayang'anana kumaso, osadyera pamodzi, osalankhulana popanda munthu wapakati wonyamula mawu. Mukakumana panjira, wina alowe patchire. Ine ndinkalowa patchire mofulumira kuposa mkamwini aliyense m'mudzimo (tsiku lina ndinagwera pa chitedze, koma imeneyo ndi nkhani ina).

Banja lawo linali ndi dimba pachilumba pakati pa mtsinje, kamtunda ndithu kuchoka kumudzi. M'chilimwe munthu ankawoloka podumpha miyala. Mvula itangoyamba, chimanga cha m'dimbamo chitacha, anandituma kukathyola. Ndinapeza apongozi ali kale komweko akukumba mbatata, kamphika ndi chikuni cha moto zili pambali, mbuzi yawo ataimangirira pachitsamba. Iwo anali kumunsi kwa chilumba, ine ndinatenga kumtunda, aliyense msana kwa mnzake monga mwa mwambo.

Pamene tinali ife dzuwa linkawala, koma kumapiri kunali bii. Posakhalitsa ndinamva mkokomo. Nditasuzumira kumtsinje ndinaona madzi afiira, akubwera ndi mapesi ndi nthambi, miyala yathu yowolokera ikumira umodziumodzi.

Munthu wa nzeru akanakuwa kuti, "Amayi, madzi!" Basi. Koma ine ndi kwarta kalasi yangayo ndinaima n'kuyamba kulingalira kuti kodi mkamwini amawakuwira bwanji apongozi. Ndinakhosomola. Sanamve. Ndinakhosomola mwamphamvu. Anamva, ndipo monga mayi wodziwa mwambo anatola khasu lawo n'kusunthira kutali kuti ndidutse. Ndinawatsatira ndikuwomba m'manja, iwo analowa m'chimanga. Ndinalowa m'chimangamo, iwo anatulukira kuseri. Tinathamangitsana mwaulemu dimba lonse, ine thukuta lili kamukamu, mtsinje ukungokwera.

Ndipamene maso anga anagwera pa mbuzi ija.

"Iwe mbuzi!" ndinakuwa. "Uwauze amayi kuti madzi akwera!"

Ndinamva mapazi akuthamangira kugombe, n'kuima. Panalibenso mwala ndi umodzi womwe wooneka.

"Iwe mbuzi," anatero apongozi, mawu ali ozizira, "um'funse bambo wakoyo kuti madziwa wawaona liti."

"Uwauze kuti papita kanthawi ndithu."

"Umuuze kuti kusikola anangopita kukatha nsapato."

Ife a kumtunda sitidziwa kusambira, ndipo bwato kwathu tinkangolimva m'maulaliki. Madzulo anthu a kumudzi anabwera kutsidya, Rozina ali pomwepo. Tinkaona milomo ikuyenda koma mawu onse ankadyedwa ndi madzi. Anayesa kuponya chingwe, sichinafike ngakhale pakati. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ena ankafuna kukanena ku Vila, kuboma la Apwitikizi, koma a Zakariya, malume ake a Rozina, anakaniza. Anati asilikali akaona utsi pachilumba anena kuti ndi msasa wa anyamata a m'tchire omenyana ndi Apwitikizi, ndipo afika ndi zipolopolo osati chingwe. Ndiye anagwirizana zodikira kuti madzi aphwe.

Madzi sanaphwe. Akati atsike pang'ono, kumapiri kunkagwanso ina.

Tsono ndinayamba kumanga. Apa ndiye ndinati apongozi aone kuti manja a choko aja amathanso ntchito. Ndinadula bango, ndinasenda luzi, ndinafolera ndi mapesi ndi udzu. Msasa umodzi sukanatheka, inunso mukudziwa. Ndinamanga iwiri. Wawo ndinauika kumunsi pamchenga wosalala, pobisika mphepo, ndipo ndinausamala ngati nyumba ya padiri, wansembe wa kumishoni. Wanga ndinaukhoma pathanthwe kumtunda, pomwe mphepo inkalowa kukhomo n'kutulukira kumutu. Pakati ndinalambula kanjira, ndinaika mwala wafulati wosiyapo chakudya, mbuzi n'kuimangirira pomwepo kuti mbali zonse ziziimva.

Tinakhala mudzi ndithu. Iwo akawotcha chimanga ankasiya pamwala n'kunena kuti, "Mbuzi, umuuze chapsa." Ine ndinkadikira abwerere, ndikatenga n'kukadyera kuseri kwa thanthwe. Ndikatola nkhuni ndinkati, "Mbuzi, uwauze zili apa, koma n'zonyowa." Mbuziyo inkangobzikula, osatikana, osationjezera mawu (pa ankhoswe onse amene ndawaona m'moyo wanga, sindinaonepo wokhulupirika ngati ameneyu).

M'mawa uliwonse anthu ankabwera kutsidya kudzationa ngati tikadali moyo. Rozina ankaima pachulu n'kukupiza kapulana yake, chitenje chofiira. Ine ndinkakwera pathanthwe n'kukupiza chipewa. Akapita ndinkakhala pansi n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, chifukwa ndinkaona kuti ndidzafera pano mkazi wanga akundiyang'ana.

Chimanga chinatha. Mbatata zinayamba kuolera m'nthaka. Tinadya nkhwani, tinadya mabonongwe, tinadya masamba ena amene dzina lake sindilidziwa mpaka lero. Kalasawu yanga, kabudula uja, ndinkaimanga ndi luzi kuti isagwe. Ndiye tsiku lina ndinamva mawu ofooka kuchokera kumunsi.

"Iwe mbuzi, umuuze bambo wako akuphe."

"Mbuzi, uwafunse amayi kuti iwe ukafa tizilankhulana bwanji."

"Umuuze kuti anthu akufa salankhulana n'komwe."

Ndinaipha ndi chikwanje, misozi ili m'maso, sindikudziwa ngati inali ya chisoni kapena ya njala. Ina tinaphika, ina tinaiyanika pautsi. Koma kuyambira pamenepo pachilumba panagwa chete woopsa. Ndinayesa kupachika chikopa chake pamtengo n'kumalankhula nacho. "Iwe chikopa cha mbuzi, uwafunse amayi adzuka bwanji." Sanayankhe. Ndinaganiza kuti mwina mwambo sulola kutuma wakufa. Sindinadziwe kuti malungo awagwira.

Kutacha tsiku lina kunagwa chimvula chimene sindinachionepo, ndipo mtsinje unakwera kuposa kale. Nditatsika kumunsi ndinapeza msasa wawo uja, umene ndinkaunyadira, wagwa, madzi akuukoka. Pamchenga posalala paja ndi pomwe madzi anayambira kulowa. Apongozi anali khale m'matope, madzi ali m'chiuno, akunjenjemera, akulephera kuimirira.

Mukuganiza kuti ndinatani? Ndinaima chapatali n'kukhosomola.

Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino, ndipo ndinadabwa kupeza kuti anali munthu wamng'ono thupi, wa maso ngati a Rozina.

"Mwanawe," anatero, "siya kukhosomola. Ndinyamule."

Ndinawabereka kumsana mpaka pathanthwe. Ndinawagoneka mumsasa wanga, ndinavula malaya, kamiza yanga, n'kuwaveka, ndinawafunditsa chikopa chija. Ndinkawamwetsa msuzi pang'onopang'ono, ndipo mano atawalemera ndinkaphwanya nyama ndi mwala. Ine ndinkagona pakhomo, mutu mkati, miyendo pamvula. Zomanganso msasa wina sindinaziganize. Bango lonse linali pansi pa madzi, mphamvu ndinalibe, komanso wodwalayo sakanakhala yekha.

Atayamba kupeza bwino tinkacheza. Anandiuza za amuna awo amene anatengedwa kupita ku chibalo osabwerako, ndi mmene analerera Rozina okha. Ankanditsanzira kukhosomola kuja mpaka kuseka kugwira nthiti. Ndinkati mumtima, ha, mkamwini uja walandiridwa tsopano. Ndinali wosangalala, chitsiru ine.

Sindinaganize kuti anthu a kutsidya aja, poti sankatimva, ntchito yawo inali kuwerenga. Ankawerenga anthu awiri, misasa iwiri. Tsopano anayamba kuwerenga anthu awiri, msasa umodzi. Ndinaona kuti gulu likukula, ena ochokera midzi imene sinkatidziwa n'komwe, ndipo ndinkati ndi chifundo. Rozina anabwera osakupiza kapulana. Kenako anasiya kubwera.

Madzi atatsika kufika m'chifuwa ndinawoloka nawo apongozi ali kumsana kwanga, ine wopanda malaya, iwo atavala kamiza yanga, manja atandikoleka m'khosi. Ndinkayembekeza nthungululu. Sinamveke. Amayi ena anaphimba ana awo kumaso.

Nkhani inakambidwa pakhonde pa a Zakariya, ankhoswe a mbali zonse alipo. Achimwene anga aakulu, amene anali nkhoswe yanga, anandinong'oneza kuti, "Iwe ukhale chete, uyang'ane pansi, tiikonza." Ndipo inkaoneka kuti ikonzeka. A Zakariya anayamba mofatsa.

"Sitikunena kuti pachitika kanthu ayi. Ife tikungoti misasa inali iwiri."

Achimwene anafotokoza za madzi, za malungo, anapepesa, analonjeza nkhuku. Mitu inayamba kugwedezeka movomera. Pamenepo apongozi anaimirira kuti anditeteze.

"Mwana uyu musamunene!" anatero. "Akanakhala wina bwenzi mukudya nyemba za maliro anga. Anandibereka kumsana uyu!"

"Hii!" anatero amayi kumbuyo.

"Anavula kamiza yake n'kundiveka ndi manja ake!"

"Hii!"

"Thukuta la malungo ankandipukuta yekha. Ndikazizidwa ankandisisita mapazi mpaka nditagona!"

Achimwene ananditsina pantchafu. "Auze akhale pansi," ananong'ona. Ndiwauze bwanji, mbuzi tinadya? Ndipo asanakhale pansi anayenda kudutsa bwalo lonse, anthu akuona, n'kudzakhala pamphasa yanga, phewa kukhudza phewa, n'kunditchula dzina langa lenileni. A Zakariya anangotola chipewa chawo n'kulowa m'nyumba.

Rozina ndinam'peza kuseri kwa nkhokwe akusinja, mumtondo mulibe kanthu.

"Ndikudziwa kuti simunalakwe," anatero osandiyang'ana. "Amayi ali moyo chifukwa cha inu."

"Nanga tsono?"

"Kuchitsime andipekera nyimbo. Akuti ndine mkazi wamng'ono m'nyumba ya amayi anga. Ana akuimba, ngakhale kutchalitchi akundiloza."

"Tiye tithawire ku Dedza, kumene sakutidziwa."

"Ndiwasiye amayi ndi yani? Kapena tiwatenge, kuti nyimboyo iwoloke nafe malire?"

Ndinagwada, ndinalira, ndinalumbira pa oyera mtima onse amene ndinawaloweza kumishoni. Iye analira nane, koma madzi akatayika saoleka. Mwezi usanathe anandisudzula.

Tsiku lochoka palibe anatuluka m'nyumba kudzanditsanzika. Anthu ankangosuzumira m'mipata ya mipanda. Amene anandiperekeza anali apongozi okha. Anandilanda khasu n'kulinyamula iwo, tinayenda limodzi pakati pa mudzi mpaka pamphambano, akulira mokweza ngati pamaliro.

"Ndakuphera banja, mwanawe," anatero. "Ndimati ndikuchitire umboni."

"Munanena zoona zokhazokha, amayi."

"Ndiye kulakwa kwakeko."

Anandipatsa kathumba ka mtedza wokazinga, anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kubwerera. Rozina anadzakwatiwa ndi kalaliki wina wa ku Vila. Sindinamuonenso, ndipo sindinganame kuti zinandichoka mumtima.

Anzanga tikakhala pa mowa amakonda kundifunsa kuti, ukanadziwa mathero ake, ukanawasiya amayiwo m'matope? Ndimati ayi, ndikanawanyamulabe, ndikanawavekabe kamiza. Chimene ndimadziluma nacho chala mpaka lero n'china. Ndikanakwawa, ndi njala yomweyo, n'kuzika timitengo tinayi kumunsi kuja, n'kuponyapo mapesi pamwamba, kamsasa kopanda munthu, kopanda moto, koti ngakhale nkhuku singagonemo. Anthu a kutsidya sankafuna kudziwa kumene tagona. Ankangofuna kuwerenga iwiri.