Makina a juga si chipereganyu

Ine sindipusitsika wamba, mukafunse ku Ndirande konse. N'chifukwa chake nkhani iyi imandiwawabe.

Matipate atangolowa, pa botolositolo ina ku Chirimba panafika makina a juga. Unkaponyamo kwacha yachitsulo n'kukoka mkono wake, zithunzi za zipatso n'kumazungulira. Zitatu zikafanana, ndalama zinkakhuthuka. Ndikaweruka ku fakitale ku Makata ndinkaima pambali kuonerera, mpaka mutu wangawu (umene ndimaunyadira kwambiri) unatulukira chinsinsi: ichi n'chipereganyu basi. Tonse timasonkha, ndipo aliyense ali ndi tsiku lake lolandira.

Ndinasonkha mokhulupirika milungu itatu. Loweruka lina mayi akunyumba anandipatsa ndalama ya nsalu ya ukwati wa mng'ono wawo, ija achibale onse amavala yofanana.

"Mukagule ku Limbe, bambo a Tamara, isanathe."

Ndinati ndidzere kaye ku Chirimba ndikalandire zanga, nsaluzo ndigule ziwiri. Ndinasinthitsa theka la ndalamayo kukhala makwacha achitsulo n'kuyamba kuponya. Psiti. Ndinati makina akhuta tsopano, atsala pang'ono kusanza. Ndinasinthitsa theka linalo (inde, ndikudziwa). Kwacha yomaliza itamezedwa ndinapatuka kuti ndipukute thukuta. Mkulu wina wogulitsa makala, amene anali asanasonkhepo ngakhale tsiku limodzi, anaponya imodzi yokha. Ndalama zinakhuthuka mpaka kugwera pansi.

"Achimwene, mwadumpha mzere," ndinatero mwaulemu. "Lero ndi langa."

Mwini malo anaseka mpaka kutsokomola. "Mzere wake uti? Makinawa alibe kaundula, sadziwa nkhope ya munthu. Mukakoka mkonowo zonse zimayambiranso, za dzulo sakumbuka. Ndipo anawatchera kuti azibweza zochepa kuposa zimene adya. Apo ayi, ine ndikanawasungiranji?"

Ku Ndirande ndinabwerera wapansi, ya minibasi nayo inali m'mimba mwa makina. Ndinaulula zonse. Mayi sanakalipe, n'zimene zinandipweteka koposa. Anangofunsa kuti, "Ndiye anzanu a chipereganyuwo abwera liti kudzatipepesa?"

Masiku ano ndikafuna kusewera ndimangotenga tindalama ta chenji, tikatha ndimanyamuka. Ndalama imene ili ndi ntchito yake sindidutsa nayo pa botolositolo paja. Koma chithunzi cha ukwati uja chilipo: achibale onse ndandanda m'nsalu yofanana, mkazi wanga yekha kumapeto m'diresi lakale la kutchalitchi. Mkazi wangayo anachipachika moyang'anizana ndi mpando wanga.