Ndodo Ziwiri za Agogo Helgi

Lolemba

Madamu anyamuka m'mawa, ulendo wa ku ntchito, sabata yathunthu. Andisiyira nyumba, mphaka ndi amayi awo, agogo Helgi, amene angofika kumene kuchokera ku Estonia. Mutu wonse imvi. Chingerezi sadziwa ngakhale moni.

Ali kale pageti, madamu andisiyira mawu awa: "Mtima wa amayi si wabwino. Asatuluke dzuwa lisanapepe. Zikavuta ndidzafunsa iwe."

Vuto: agogowa kwawo amawongola miyendo 12 koloko masana, tsiku lililonse. Kuno ku Al Hilal, m'dziko lachipululu lino, 12 koloko ngakhale amphaka amabisala pansi pa magalimoto. Ndipo amayenda ndi ndodo ziwiri zachitsulo, zosongoka kumapeto. Ziwiri! Munthu wamtendere imodzi imamukwanira.

Kuwakaniza sindingathe, ndi akuluakulu. Ndiye pulani nayi: ndiziwapempha adikire pang'ono, kenako pang'ono pena, mpaka madzulo. Foni yandipatsa mawu a kwawo: Üks hetk, palun. Akuti ndiye "kamphindi kamodzi, chonde". Ndawalemba padzanja momwe ndawamvera: ukisi hetiki, paluni.

Lero sanatuluke, akumasula chikwama. Mawa ndikuliopa.

Lachiwiri

11:55. Nsapato avala, ndodo zili m'manja. Ndigwada pakhomo monga anandiphunzitsira mayi anga, ndinena mawu anga. Agogo aima. Andiyang'ana. Ayang'ana wotchi. Zatheka!

Ndithamangira kukhitchini kukaphika tiyi. Pobwera, pakhomo palibe munthu.

Kani kwa anthu awa kamphindi ndi kamphindidi! Kwathu ku Balaka ukati "ndikubwera", mlendo amayala mkeka n'kugonako tulo.

Ndawapeza atapitirira kale mzikiti, nkhope ili psuu ngati phwetekere. Ine silipasi imodzi yatsala panjira.

Lachitatu

Zodzazira kamphindi:
madzi ozizira
chipewa
mafuta odzola padzuwa
chipewa china
zithunzi za mwana wanga, zonse, ngakhale zosaoneka bwino

Mawu aja ndawanena kasanu ndi kawiri. Agogo atuluka 12:11. Masana onse ndakhala ndikuwatsata m'mbuyo, ndikupemphera.

Asiyatu, mnzanga wogwira ntchito nyumba yoyandikana, wandiuzira pamwamba pa mpanda: "Tangokiya chitsekocho iwe, khalas, nkhani yatha!" Kukiyira munthu wamkulu m'nyumba ngati mbuzi? Mayi anga atamva angandikane.

Koma mantha sakundichoka. Ndikuona agogo ali gada pamsewu. Ambulansi. Apolisi akufunsa: anali ndi ndani? Zala zonse zikuloza ine. Ndege, chikwama chimodzi, ndi kukafotokozera mudzi wonse kuti ndinawotcha amayi a mwini padzuwa.

Lachinayi

Ndabisa ndodo pamwamba pa kabati. Ndikudziwa, ndi tchimo.

Agogo afufuza paliponse. Andiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo otuwa aja, ine kumangopukuta tebulo loyera kale. Kenako alowa m'chipinda chosungiramo katundu. Atulukamo ndi mopu ndi tsache, mitu atachotsa. Mayo ine!

"Ukisi hetiki, paluni," ndatero. Adikira kamphindi kawo kaja, mwaulemu ndithu, n'kutuluka. Mlonda wa pakona wawachitira sawasha.

Madamu aimba madzulo: "Amayi ali bwanji?" Ndati ali ndi mphamvu kwambiri. Si bodza.

Lachisanu

Anzanga onse ali pa ofu, Asiyatu wapita kukagula zinthu ku Al Asmakh. Ine ndili pano.

Ndabweza ndodo, nditagwada, ndi manja awiri. Agogo alankhula mawu ambirimbiri, akuloza miyendo yanga. Ndawatchera foni kuti imasulire. Yalemba kuti: "Mawondo ako akudwala chiyani?"

Sabata yonse ndakhala ndikupereka ulemu, iwo akuona matenda! Andikhazika pampando, andipaka mankhwala onunkha ngati palafini, andisisita mutu. Ndili chikhalire choncho ndamva chitseko chikutsekeka. Mawu anga sindinapeze ndi mpata womwe wowanena.

Loweruka

Pulani yafa. Tsopano ndingowatsata. Katundu: ambulera, mabotolo atatu a madzi, thaulo lonyowa, nambala ya ambulansi padzanja linalo.

Agogo akuyenda ngati akuthawa moto. Tcha, tcha, tcha, ndodo pamsewu. Ine m'mbuyo, thukuta kamukamu. Pa raundabauti yachiwiri m'maso mwayamba kuda. Ndaitana, ulendo uno mochokera pansi pa mtima: "Ukisi hetiki, paluni!"

Kenako sindikukumbuka.

Ndatsitsimuka pamthunzi wa mpanda wa eni ake, mutu uli pamiyendo pa agogo, akundithira madzi anga omwe. Akhala nane pafupifupi ola lathunthu. Wotchi sanaiyang'ane ngakhale kamodzi. Pobwerera andibwereka ndodo imodzi.

Ndalira pang'ono, mwa manyazi ndi mwa kuthokoza. Koma mawa madamu akubwera, ndipo amva zonse.

Lamulungu

Madamu afika. Iwo ndi amayi awo atsekerana pabalaza, chinenero chawo chokhachokha, dzina langa likumveka pakatipakati. Ine kukhitchini ndayamba kale kuganiza zoika m'chikwama.

Andiitana. Ndalowa, ndafuna kugwada, ndadziletsa.

"Amayi avomera," atero madamu. "Sadzayendanso masana. Akuti dzuwa la kuno ndi loopsa kwa iwe. Akuti ndiwe mwana wabwino, koma wofooka, mawondo ndi mtima womwe. Ndiye kuyambira mawa muziyenda limodzi 5 koloko m'mawa, tsiku lililonse, mpaka ulimbe."

Ntchito ilipo. Agogo ali moyo. Adzakhala kuno miyezi itatu.

Ndikuti ndizituluka, agogo akweza chala. "Üks hetk, palun." Alowa kuchipinda kwawo, ine ndadikira, nanga n'kutani.

Abwera ndi ndodo zina ziwiri. Azifupikitsa kale pa msinkhu wanga.