Ufa wa Pitsa ya Tadala

Lolemba, 12 Malichi 2007
Loweruka Tadala akukwanitsa zaka khumi. Waitana anzake anayi a kusukulu muno m'Coventry, ndipo wandichenjezeratu m'Chingerezi kuti patebulo pasaoneke chakudya "chathu". Akufuna pitsa. Zandiwawa, mwana wobala ndekha kuchita manyazi ndi mphika wanga.
Ku wodi kuli agogo ena a ku Italy, othyoka mwendo. Ndikuwasambitsa, iwo akundiuza kuti pitsa inayambira kwawo ku Naples. Ati chinali chakudya cha amphawi, chogulitsa pamsewu ngati zitumbuwa. Ndiye amphawi ankaitha, ine nesi wamasatifiketi ndilephere? Ndiphika ndekha, mwakachetechete. Adzadziwa atatha kunyambita zala.

Lachiwiri
Agogo andilembetsa zofunika:
fulawa
yisiti
tomato, adyo, mafuta
tchizi, koma pang'ono. Ati kuunjika zinthu pamwamba n'za ku Amereka.
Kwawo amawotchera mu uvuni wa nkhuni. Wathu wa m'nyumba ya lendi mbali ina umapsereza, ina umangofunditsa. Sindinawauze.

Lachitatu
Shifiti yaitali. Ndatuma bambo a Tadala kumashopu a ku Foleshill Road pafoni kuti agule ufa. Abwera ndi thumba lalikulu paphewa, akumwetulira ngati apha nyama. Ufa wa chimanga!
"Munati ufa, mayi a Tadala. Mukanati fulawa, bwenzi nditagula fulawa."
Chonyansa n'chakuti akunena zoona.

Lachinayi
Ufa ndi ufa, ndayesa womwewo mwana ali kusukulu. Sukutupa. Sukutamuka. Ndauponya m'mwamba monga agogo anandionetsera ndi thawulo, theka lagwera musinki. Chotuluka mu uvuni ndi chigumu chovala tomato. Bambo adya magawo awiri ndi tiyi.
"Mwangochepetsa shuga."

Lachisanu
Fulawa weniweni, ndagula ndekha. Agogo ati ndikakanda ndisiye pofunda, ugone. Pofunda m'Coventry muno ndi pati? Ndabisa mbale pa hita ya kuchipinda kwathu, ndapita kuntchito. Pobwera ndapeza wadzuka kalekale, watuluka m'mbale, watsetserekera kuseri kwa hita, wakumbatira yunifomu yanga ya Lolemba. Ndapala ndi supuni. Wotsala m'mbale ndawotcha kuti ndilawe. Ukuwawasa ngati thobwa logona.

Loweruka
Bambo atenga Tadala kukagula mabaluni. Ndili ndi maola awiri. Ndakanda wina, uvuni ndakwezera kumapeto kuti ufanane ndi wa ku Naples. Mbali imodzi makala, ina phala. Alamu ya utsi yalira mpaka aneba agogoda. Ndatsegula mawindo onse, ndakwirira umboni m'bini ya panja, ndaimba foni ku shopu ya pitsa.
Mabokosi atatu afika alendo asanafike. Ana adya osasiya ndi nyenyeswa. Mmodzi wafunsa chifukwa chake m'nyumba mukuzizira chonchi.

Lamulungu
Manja akununkhabe adyo. Thumba la ufa lili pakhonde, litifikitsa Khirisimasi. Mawa agogo akafunsa ndikati zinayenda.
Pochokera kutchalitchi Tadala wandikumbatira m'khitchini, mwamphamvu, zomwe sachitachita masiku ano. Akuti linali tsiku labwino kuposa onse. Kenako, nkhope ili pamimba panga:
"Thank you for not cooking, Mum."
Ndamusisita kumutu. Ndinaphika katatu, mwanawe.