Bokosi la Gogo

Inu mukukodolana kumbuyoko, sekani mumalize, koma mukachoka pano mupite pa Kandeu mukafunse aliyense wa imvi kuti ndani anaimbitsa bokosi la maliro mpaka mbatata zinadzikumba zokha. Akakutchulirani ine Layisoni, kalipentala. Ngati ndikunama, dzanja langa logwira macheka ili lifote.

Mwana wanga Felesiya ankakwatiwa ndi Limbani, mnyamata woyendetsa takisi wa kufupi ndi ku Nzama. Sabata ya ukwati, mnyamatayo anandiimbira foni, mawu ali pansipansi monga alankhulira mkamwini kwa apongozi ake: "Bambo, pepani, Gogo akufunika bokosi pofika Lachisanu. Lalikulu, lolimba, losatulutsa mpweya."

Mukumva? Losatulutsa mpweya! Mtima wanga unangoti myuu, ndinati basi, anaNgozo, agogo ake amene anamulera, atisiya. Mkamwini sumupanikiza ndi mafunso, timaopana, komanso uthenga wa maliro salengeza ndi kalipentala, choncho ndinatseka pakamwa ngakhale kwa mayi a kunyumba, ndinasankha matabwa a mlombwa nkukhoma bokosi loti chiswe chikaluma chiguluke mano. Ndani akanandiuza kuti Gogo linali dzina la galimoto yake, chiphapha chokhosomola pa mtunda uliwonse, ndi kuti mnyamatayo ankafuna bokosi la sipika yake yaikulu ya bezi, mawu ogunda aja, imene anyamata amati wufa, kuti mdipiti wa ukwati ukamveke?

Lachisanu m'mawa ndinalikweza pa ngolo, ine mu jekete yakuda, nkhope yogwa, nyimbo ya maliro ili kukhosi. Ndikufika pakhomo pa kwawo kwa Limbani, ndikupeza thobwa lili m'migolo, amayi akusenda kachewere wa pa phwando, ndipo pakati pawo anaNgozo, amoyo, onenepa, akulamula anthu ndi mthiko! Nkhuku zinaima ndi mwendo umodzi, khanda limene linkalira linameza kulira kwake. Gogoyo analizungulira bokosi lija, naliyeza ndi maso, napeza kuti ndi msinkhu wawo ndendende, pajatu ine sindiphonya muyeso.

"Ndiye mwabwera kudzanditenga, asewere?" anatero. "Ukwati watha. Mdzukulu wanga sakwatira kwa anthu oyeza amoyo."

Ankhoswe anayamba kupinda mphasa. Limbani anayesa kufotokoza, akuloza galimoto yake kuti Gogo ndi imeneyo ndipo bokosi ndi la wufa, koma agogo ake sanafune kumva. Ine m'maganizo ndinangoona nkhope ya Felesiya, diresi lake litapachikidwa kale kuchipinda, ndipo ndinachita mantha, sindibisa. Pakamwa panga panalankhula pokha. Ndinati ili si la maliro ayi, ndi la nyimbo, kapangidwe ka ku Joni kamene ndinaphunzira kwa malemu bambo anga. AnaNgozo anati chabwino, likaimba mpaka mapazi awo nkunyamuka okha ukwati ulipo, likakanika ndilowemo ndekha andiperekeze.

Tinachotsa mipando ya kumbuyo, tinalowetsa bokosi m'galimoto, ndinaboola chivindikiro nkukhazikapo wufa, Limbani analumikiza mawaya ake. Kutsegula nyimbo, chimene chinatuluka ndi bwebwebwe, ngati munthu akukupiza lichero lonyowa, ndipo amayi anayamba kuseka chiseko choipa chija chimene chimathetsa mabanja. Pamenepo mpamene ndinadziwa kuti sipika njofanana ndi munthu, ukaipatsa nyumba yoposa msinkhu wake imangodzandira, chifukwa mpweya wa m'kati ndiwo umaigwira kumsana ikamakankha, ndipo ukachuluka sugwira kanthu. Ndinadula thabwa, ndinatchinga bokosi pakati kuti chipinda chichepe, ndinamata mipata yonse ndi guluu ndi utuchi, ndinang'amba pilo wa ankhoswe nkuyala thonje lake m'kati. Mawu analimba, gu, gu, koma anali ouma, ofika m'khutu osatsikira pachifuwa, ndipo anaNgozo anangoyasamula.

Mukumva? Mvetserani, anyamata a masiku ano mumangogula osadziwa. Ng'oma ukafuna ilire mozama umaimata phula, bokosi la bezi phula lake ndi paipi. Ndinazula paipi ya madzi kuseri kwa bafa, ndinaboola bokosi cha kumapazi nkuilowetsa kuti lizipuma. Inali yopapatiza, inayamba kuimba mluzu wakuthwa moti agalu a midzi yonse yozungulira anabwera akuthamanga, akuyesa kuti ndi ulenje. Ndinaichotsa, ndinaika yonenepa ngati ntchafu, koma inali yaifupi, bokosi linangobangula mawu amodzi okhaokha, buu, buu, mpaka ng'ombe zanga za pa ngolo zinagwada kuyesa kuti kwabwera nkhunzi. Ndinalumikiza ina kuti italike, pakuti paipi ikatalika mawu amatsika, ndipo apa ndinapitiriza muyeso, mawu anatsika, natsikabe, mpaka khutu linaleka kumva, wufa ikungovina yokha ngati ing'ambika, koma nyerere zikusamuka ndi mazira awo, mfuko zikutuluka m'nthaka zitagwira mitu, ndipo thobwa la m'migolo linasasa nthawi yomweyo nkukhala mowa.

Dzuwa linali litakwera, thukuta lili kamukamu, anaNgozo atayamba kale kufunsa ngati ndikufuna kulowa ndi nsapato kapena ayi. Ndinaitana amalume ake a Limbani, mkulu wovina ngoma, ndinawapempha aponde pansi monga apondera Angoni pa bwalo, ine dzanja limodzi pa nthaka, lina pa bokosi. Iwo akati di, ine ndicheke paipi pang'ono, akati di, ndichekenso, kachidutswa kopyapyala ngati chikhadabo, mpaka kugunda kwa phazi lawo ndi kugunda kwa bokosi kunakhala chinthu chimodzi m'manja mwanga. Ndinauza Limbani kuti akweze.

Abale anga, zimene ndinaona ndimanjenjemera nazo mpaka lero. Kugunda koyamba, malata a nyumba anadumpha onse pamodzi nkubwerera pa misomali yawo yomwe, kwachiwiri kachewere yense wa m'dengu anadzisenda yekha, makoko uku mbatata uku, kwachitatu mizere ya ku Biriwiri inang'ambika, mbatata zikutumphuka m'nthaka nkugubuduzika kutsetsereka phiri, makabichi ali pambuyo, kuwoloka msewu kulowa m'Mozambiki popanda chiphaso, asilikali a pa chipata akungochitira sawasha poyesa kuti kukudutsa nduna, belu la ku tchalitchi likulira lokha mpaka anthu anasonkhana Lachisanu atavala za Lamulungu, ng'ombe za m'makola zikukamidwa chambiko chokhachokha, ndipo galimoto ija, imene sinalirepo popanda kukankha, inalira yokha nkuyamba kuyenda ndi bezi basi, thanki ilibe ndi dontho lomwe!

AnaNgozo anayesa kulimba. Anakhala pa mtondo, anagwira mawondo ndi manja onse awiri, milomo ataluma, koma phazi lamanzere linawapandukira, lamanja linatsatira, mtondo nawo unayamba kudumpha nawo, mpaka anaponya mthiko kumwamba nkulowa m'bwalo, akuduka m'chiuno moti atsikana anachita manyazi nkukhala pansi. Ataima, akupuma wefuwefu, anandiloza ndi chala.

"Mawa mubwere naye mwanayo. Koma bokosi ili ndi langa, munandiyeza ndinu. Galimoto ikungobwereka."

Felesiya anakwatiwa Loweruka lomwelo, ndipo ali pabanja mpaka lero, ana ake ndi awo amandidyera mango osapempha. Gogoyo anakhala zaka zina zambiri, ndipo atamwalira tinachotsa wufa ndi thabwa la pakati nkuwagoneka momwemo monga analamulira, koma paipi analetseratu kuti isachotsedwe. Mpaka pano lole ikamadutsa pa msewu, manda awo amayankha ndi mawu omwe aja, di, di, ndipo adzukulu okumba manda amakana kugwira ntchito kufupi nawo chifukwa makasu amawavinira m'manja.

Ndikuona milomo yanu ikugwedera, ndiye kuti mukutsutsa. Tsutsani ndithu, koma mukuvutika chabe. Kuyambira tsiku limenelo makutu angawa amangomva bezi yokha, timawu tanu tating'onoto sitifika kuno.