Wankhanza wa a Mawaya Ankamanga Zipatala

A Mawaya, okonza mawailesi pamsewu wathu, ankadziwika ndi chinthu chimodzi: sankatha kupeka munthu woipa yemwe ndi woipa basi. Akakupekerani chigawenga, dziwani kuti kunyumba chikulera ana amasiye.

Loweruka lililonse masana, mʼkashopu kawo, ankakankhira kumbali mawailesi akufa, nʼkuyala patebulo chipepala chojambulidwa nyenyezi ndi mapulaneti. Masewero ake anali otere: iwo ankasimba nkhani nʼkumayankhula mʼmalo mwa anthu onse a mumlengalengamo, ife aliyense ali ndi munthu wake. Zikafika povuta, monga kuwombera kapena kulumpha moto, tinkaponya dayisi kuti tione ngati zatheka. Wometa wa khomo loyandikana anali woyendetsa chombo. Anamwino a pakiliniki anali msilikali. Ine ndinangolowamo tsiku lina kudzatenga wailesi ya bambo, ndipo anandipatsa umakaniko, poti makaniko akhoza kutha miyezi osayankhula. Ankanditcha Chete.

Tsiku lina Wometa anawombera mlonda wa pachipata cha mzinda wa pamwezi, nʼkudziombera mʼmanja. Loweruka lotsatira tinapeza a Mawaya atafunda chisanza kumutu.

“Ameneyu ndiye ndani?” anafunsa Wometa.

“Mkazi wa mlonda uja!” anakuwa a Mawaya ndi timawu tatingʼono. “Mayo ine! Anali pafupi kupuma pantchito! Ankati tidzaweta nkhuku pamwezi!”

“Madala, ndi masewero chabe.”

“Ana angawa adya masewero?”

Analira mpaka mayi wogulitsa zovala tsidya la msewu anabwera ali wefuwefu kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Mwezi wonsewo woyendetsa chombo wathu anali kalikiliki kumangira namfedwayo khola.

Koma chimphona cha zopeka zawo chinali Mtetezi. Ameneyu analanda mapulaneti ndi nkhondo, kenako nʼkuthetsa mliri, kumanga zipatala, kufikitsa madzi kudziko la mchenga ndi kutumiza atsikana onse kusukulu. Kungoti wofunsa funso ankatengedwa kupita kumwezi wozizira, osabwerako. Makiyi a madzi a mapulaneti onse ankawavala mʼkhosi. A Mawaya akamayankhula ngati Mtetezi ankayatsa wailesi yopanda siteshoni kuti izingopuma kumbuyo, shiii, mawu awo nʼkutsika mpaka thupi kuchita tsemwe. Ndinkaiwaliratu kuti ndi bambo wa jekete lobooka ndi chitsulo chowotcherera mawaya.

“Aphedwe,” ankatero Wometa. “Watsekera mchimwene wanga.”

“Mchimwene wako wapapepala,” ankayankha Anamwino. “Iwe unaonapo mwana akufa ndi mliri? Ine ndinaona. Musiyeni munthuyo.”

“Ndiye tizimwa madzi titatseka pakamwa?”

“Nanga wakufa amayankhula?”

Mkanganowu unatulukira kunja. Anamwino anayamba kukametetsa ana awo kwina. Wometa ankafunsa makasitomala lumo lili pakhosi kuti, “Inu bwana, Mtetezi aphedwe kapena ayi?” Onse ankati aphedwe, ngakhale amene sankamudziwa.

A Mawaya ankangomwetulira. Nawonso paja anali ndi ulamuliro wawo: pampando wawo sipankakhala munthu, chipepala chija sichinkagwidwa, ndipo za kutsogolo kwa nkhani sizinkafunsidwa. “Wolamula pano ndi mmodzi,” ankatero, “nʼchifukwa chake zimakoma.”

Kenako nkhani inandigwera ine. Makaniko wanga anaitanidwa kukakonza mpope mʼchipinda cha Mtetezi. Tinali awiriwiri, mfuti ili mʼbokosi la zipangizo. Wometa ndi Anamwino, amene anali atasiya ngakhale kupatsana moni, anandiyangʼana onse. Ndinadziwa kuti kaya ndiwombere kaya ndileke, mmodzi wa iwo adzuka osadzabweranso, ndipo Loweruka lathu lithera pomwepo. Ndinatambasula dzanja kuti dayisi lindisankhire. A Mawaya analiphimba ndi chikhato.

“Dayisi limanena ngati walasa, Chete. Zoti unayenera kuwombera kapena ayi, silidziwa.”

Wailesi inapuma, shiii. “Ukufunanji, makaniko?” anatero Mtetezi.

Mawu anga anatuluka ngati a udzudzu. “Bwana, mukadzafa, madziwa adzatsegula ndani?”

“Ine sindifa.”

“Mipope yanu ndaiona, bwana. Chilichonse chimachita dzimbiri. Mwaphunzitsa ndani?”

A Mawaya, amene ankatha kuyankha ngati nkhalamba, ngati loboti, ngakhale ngati galu wa kunyenyezi, anatsegula pakamwa nʼkutsekanso. Anazimitsa wailesi. Anayangʼana chipepala chija, kenako manja awo, kenako ife, ngati akutiona koyamba.

“Mtetezi,” anatero ndi mawu awoawo, “akupempha sabata kuti aganize.”

“Chete wagwetsa boma!” anakuwa Wometa. Anamwino anaseka mpaka kumumenya paphewa, kuiwala kuti sayankhulana.

Loweruka lotsatira tinawapeza atakhala pakreti, pamalo panga. Mpando wawo unali wopanda munthu.

“Khala apo, mwana wanga.”

“Ine? Madala, sindingathe.”

“Mtetezi akuti makiyi sapereka, ndi nkhutukumve ameneyo. Koma ine ndaganiza zanga. Khala ndikuphunzitse mpweya ndikadali nawo.”

Ndinakhala. Anandiphunzitsa kudikira anthu akangane kaye, kusintha mawu, ndi kusapulumutsa aliyense pa chisankho chake. Koma monga wosewera wamba, a Mawaya anali mliri weniweni. Ankandinongʼoneza zoti ndinene, nʼkudzimenya okha pakamwa. Ankaba zombo za eni, ankatsutsa dayisi, ndipo tsiku lina anafunsira mfumukazi ya maloboti ndi mawu okoma kwambiri moti ndinachita manyazi kuwakanira. Pa tonsefe, Anamwino okha ndi amene ankaona kuti a Mawaya akaseka amagwira pachifuwa. Chaka chisanathe, anatisiya.

Pano timasewera kwa Wometa. Mtetezi akadali moyo, makiyi akadali mʼkhosi, ndipo awiri aja akadakangana za iye, koma pabenchi imodzi. Tsopano Mtetezi amayankhula ndi mawu anga. Ndi otsika, kotero ndikayamba, Wometa amazimitsa makina ometera ngakhale kasitomala atametedwa mbali imodzi.

Mushopu ya a Mawaya ija tsopano amagulitsamo machaja ndi zovindikira mafoni. Anapentamo zoyera, nʼkuika galasi lalikulu ndi nyimbo zaphokoso. Tsiku lina ndinalowamo ngati wofuna kugula, ndipo ndinaimirira pakati penipeni. Nditatambasula manja, ndinatsala pangʼono kukhudza makoma onse awiri. Mpaka lero sindimvetsa kuti mʼkachipinda kangʼonongʼono kotero, mapulaneti onse aja ankakwanamo bwanji.