Galimoto Yokatenga Nabanda

Lolemba, 16 Novembala

“Galimoto iyi inapangidwa kuti izifika paliponse pamene pamakhala munthu. Phiri, chigwa, mtsinje, matope, zonsezi kwa iyo ndi msewu.” Atero a Kodineta a pulojekiti yathu ya mijigo m'mawa uno, ataimirira pakhonde la ofesi, tayi ali pakhosi, ife antchito tili pamzere ngati ana a sukulu. Akuti ndi mawu a eni ake amene aitumiza kuchokera kunja kuti iyesedwe m'mapiri a Dedza muno. Tonse tawomba m'manja. Ine, kalaliki wa kusitolo ya mapaipi, ndawomba kuposa onse.

Koma abale, galimoto! Yoyera mbee. Yaitali msinkhu, pokwera mpaka kugwirira. Matayala ofika m'chiuno mwanga. Mphumi yotakata, ndipo kutsogolo kuli chingwe chachitsulo choti izidzikoka yokha ikatitimira. Akuti ndi mtundu umodzi ndi yakale ija timaikankha m'mawa uliwonse, kungoti aikonzanso kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Ndaziyang'ana zonse ziwiri. Ngati ndi pachibale, ndiye kuti abambo ndi osiyana.

Ili ndi mitima iwiri. Wina umamwa petulo, wina umadya magetsi a m'mabatire amene ali kumimba kwake. Wina ukatopa, unzake ulandira.

Tsono nkhani yanga. Loweruka galimotoyi ikupita kuseri kwa Mphunzi kukaona malo okumba mjigo, ndipo mudzi wake ndi wa apongozi anga! Zaka zapitapo ndili pa chikamwini kumeneko. Pulojekiti inandipatsa nyumba ya malata kuno ku Kabwazi, koma ndimagonamo ndekha. Mkazi wanga Nabanda ndi mwana ali kuphiri, ine kukwera Lachisanu, kutsika Lolemba. Ndikapempha chitengwa, a Filipo, atsibweni ake a Nabanda, eni mbumba, yankho lawo silisintha: “Mwana wathu sangatsike phiri atasenza miphika ngati wothamangitsidwa. Galimoto ikadzaima pabwalo pano, mudzamutenge.” Amanena zimenezi pamaso pa ankhoswe, akumwetulira, podziwa kuti chilengedwere dziko pabwalo limenelo sipanapondepo tayala.

Loweruka tionana, a Filipo.

Lachiwiri, 17 Novembala

Ndakwera! Tapita ku Chimbiya kukatenga simenti, ine ndi dalaivala wathu, a Gelesomu. Andipukutitsa nsapato kawiri ndisanalowe. Mpando wake ukukulandira ngati umakudziwa kale.

Tikulowa pamsika, injini yangoti zii, koma ife tikuyendabe. Nkhuku sizikuthawa chifukwa sizikumva kanthu. Anthu kusiya malonda.

Zimene ndamva ndili pawindo:

Mayi wa tomato: “Yazima koma ikuyenda! Imeneyi mukaifufuze bwino.”

Kondakitala wa minibasi: “Achimwene, mundibwereke tsiku limodzi lokha, ndikuonetseni kuti mumalowa anthu angati.”

Mkulu wina wa panjinga wangovula chipewa.

Wina wazungulira galimoto yonse kufuna mbendera, kenako wafunsa kuti ndi ya chipani chanji. Masiku ano chinthu chokongola sichingakhale chopanda chipani.

Pobwerera ndawaululira a Gelesomu za Loweruka. Aseka mpaka kutsokomola, kenako avomera. Ndawawerengera zoti tidzatenge: Nabanda, mwana, mphasa, miphika, mtondo ndi munsi wake, nkhuku, mbuzi imodzi.

“Mbuzi ayi. Nkhuku ayi. Mtondo ukanda penti. Mwanayo anasiya kukodzera?”

Chabwino. Mbuzi idzabwera ndi miyendo yake.

Pamsika paja ndinapezanso mlamu wanga Dominiko akugulitsa kachewere. Ndamutuma kuti akauze Nabanda amange katundu. Ndinamuonetsa matayala, nyali, mipando, mpaka ndinamulola kugwira chitseko ndi chala chimodzi. Wapita pakamwa pali yasa.

Lachitatu, 18 Novembala

A Kodineta afuna chionetsero. Kuseri kwa ofesi kuli kaphiri ka miyala yokhayokha, kumene mbuzi nazo zimayamba zaganiza zisanakwere. A Gelesomu angokankha kandodo kakang'ono pafupi ndi giya, galimoto n'kuyamba kukwawa. Tayala limodzi lili pamwamba pa mwala, linzake lili m'malere, thupi lake lili chilili ngati mayi wosenza madzi. Yafika pamwamba, yatembenuka, yatsika osathamanga. Ana a sekondale akuwa. Bambo mfumu a paparishi, amene amangodutsa pa njinga yamoto, aima n'kupempha kuti ikwerenso.

Yakweranso!

A Gelesomu potsika: “Iyi chakudya chake ndi miyala. Ipatseni poponda polimba, ikafika kumwamba.”

Ndapezerapo mwayi a Kodineta akadali okondwa. Ndapempha mwaulemu, manja kumbuyo. Ati pobwerera ndikhoza kukweza banja, bola malo akhalepo.

Malo! M'mawa opita tinali anayi: a Kodineta, a Gelesomu, katswiri woyeza madzi, ndi ine. Pofika masana mwalowa a zaumoyo, amene akumbukira mwadzidzidzi kuti kuphiri kuli zimbudzi zofunika kuziyendera. Chibwerereni kuno sanakwerepo phiri limenelo. Kenako akatekisiti. Anthu amene pa galimoto yakale ankadwala msana, lero onse achira.

Ndawerengera. Nabanda akhala pampando wanga atanyamula mwana, ine kumbuyo ndi zida zoyezera madzi. Mphasa padenga. Miphika ina itsala.

Lachinayi, 19 Novembala

Dominiko wadzera pa ofesi, miyendo ili psuu ndi dothi. Akuti mudzi wonse uli pamsewu ndi makasu!

Sindinakhulupirire. Chiyambire matipate, kumudzi kuja palibe wagwirapo khasu pamsewu. Ukati tiyeni tikalambule, akuyankha kuti thangata inapita ndi chipani chimodzi, panopa ndi ufulu. Mlatho wa mitengo unagwa, anangotsegula njira ina. Lero anthu omwewo akulambula msewu popanda wowaopseza, popanda wowalonjeza kanthu, kungofuna kuona ndi maso galimoto yoyenda itazima. Dominiko anakaifotokoza bwino. Akuti anawauza kuti matayala ake ndi oyera kuposa mbale za kwa amfumu.

Ndipo wogawa ndime, wolamula kuti apa kumbani, apa kwirirani, ndi a Filipo.

Ndakhala pansi. A Filipo kukonzera njira galimoto yodzawatengera mbumba? Mwina ukalamba wawafewetsa mtima. Mwina galimoto yokongola imatembenuza anthu msanga kuposa ulaliki.

Ndafunsa kuti afika pati. Akuti pakhwawa, kamtsinje kotsiriza kaja usanalowe m'mudzi. “Alamu, mukapeza posalala ngati pabwalo la mpira. Mlendo wotere sangapunthwe kwathu.”

Ndamugulira tiyi ndi sikono. Ndauza a Kodineta kuti anthu akwathu ndi okonda chitukuko. Akwathu! Ndi koyamba kuwatchula choncho.

Lachisanu, 20 Novembala

Mvula! Yobzalira yeniyeni, yoyamba chaka chino. Yayamba m'mawa, ikupuma pang'ono, ikuyambiranso. Kuphiri kwachita mdima. Fungo la dothi lalowa mpaka musitolo. Alonda apempha kuweruka msanga kuti akakonze mbewu.

Galimoto yosaopa mtsinje aifunditsa lona kuti isanyowe. A Gelesomu akhala pambali pake tsiku lonse ngati wodwazika.

Ndawafunsa ngati mvulayi siisokoneza ulendo. Andiyang'ana ngati ndawatukwana. “Msewu wa kuphiri ndimaudziwa. Matope ndi apamwamba chabe, pansi pake ndi miyala yokhayokha.”

Okwera awonjezereka. Mlongo wawo wa a Kodineta, amene wabwera kudzacheza kuchokera ku Lilongwe, akufuna kukaona mmene anthu akumudzi amakhalira. Atengako nsapato zoyera. Tsono katundu wa Nabanda ndi yekhayo angakwane pamiyendo, ndipo pamiyendopo pali kale mwana.

Palibe kanthu. A Filipo anati galimoto iime pabwalo, sananene za kuchuluka kwa miphika.

Lero sindikukwera phiri wapansi monga mwa masiku onse. Ndasesa nyumba. Ndachotsa akangaude. Ndagula kapu yachiwiri ndi nsalu yotchinga pawindo, yamaluwa. Ndakhoma msomali pakhoma woti Nabanda azikolowekapo chimene angafune. Ndasita buluku.

Mvula ikugwabe.

Loweruka, 21 Novembala

Ndilembe mwachilungamo: galimoto imeneyi ndi mfumu.

Tanyamuka kutacha bwino, tadzaza ngati thumba la mtedza, ine kumbuyo chitsulo choyezera madzi chikundibaya m'nthiti. Msewu wa kumunsi waterera, lole ya fodya yagona m'ngalande, ife tadutsa ngati tikupita ku ukwati. Chitunda cha pa Mphunzi, chimene yakale ija inkachibwerera chafutambuyo, iyi yakwera a Kodineta akumwa tiyi wa mufulasiki osataya dontho. Pa miyala yakwawa. Pa mizu yalumpha. Kamtsinje koyamba yawoloka madzi ali m'matayala. Akatekisiti ayambitsa nyimbo. Ine ndayankha ndi mawu onse.

Kenako tafika pogwira anthu akwathu. Msewu wotakata, wosesedwa ndi tsache, m'mbali atadzika nthambi za maluwa. Patsogolo khwawa, kutsidya mudzi wonse uli chiimire: amayi nthungululu, ng'oma, ana pamapewa. Ndikuona denga la apongozi. Ndikuona bwalo. Ndikuona Nabanda atavala chitenje chatsopano, mitolo ili pamapazi pake.

Pakhwawa paja panali miyala, mibulumwa ikuluikulu imene makolo anaiyala kalekale kuti anthu aziwolokerapo. Lero palibe ndi umodzi womwe. Anaizula yonse, kuiunjika bwinobwino pambali, n'kuthirapo dothi lofiira la pachulu, n'kusalaza ndi manja. Ndipo lamwa mvula ya dzulo lonse.

A Gelesomu ati: “Anthu awa ndi aulemu.” N'kulowa mwakachetechete, pa magetsi, kuti anthu aone.

Yaima. Yatsika pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mkazi wogwadira apongozi. Mtima wa petulo wadzuka, wabangula, matayala onse anayi apala, phala lofiira lawaza mpaka kwa oimba ng'oma. Yatsikanso. Mpaka mimba yagunda.

A Gelesomu azimitsa zonse, thukuta kamukamu: mabatire ali kumimba, sakufuna kuwamiza.

A Kodineta: “Chingwe! Mangani chingwe kumtengo!”

Mtengo wake uti? Pakhwawa panali mkuyu umodzi. Anaudula Lachinayi, kuti nthambi zisakande denga la mlendo. Patsala chitsa chofika m'kakolo, nachonso anachisema bwino kuti chisabaye tayala.

Anyamata akankha, atitimira okha. Ena ati tiinyamule, a Gelesomu akana kuti aphwanya nyali. Mlongo wa a Kodineta watsika kuti akaone mmene anthu akumudzi amakhalira. Nsapato imodzi yatsala m'matope momwemo.

Chodabwitsa, palibe wakhumudwa. Anthu akuizungulira, kusuzumira pamagalasi, kudziyang'anira pa penti. Mayi wina: “Ngakhale pogwa ikugwa mwachifumu.”

A Filipo abwera ndi ndodo yawo, chipewa m'manja, apereka moni kwa alendo onse mmodzimmodzi. Apepesa kwambiri. “Ife timati tilemekeze mlendo. Chinthu chokongola chonchi chiponde miyala?” Kenako kwa ine, motsitsa mawu: “Akamwini, mwayesetsa. Yatsala pang'ono.”

Ndati Nabanda angotsika apa n'kukwera, si patali. Ayang'ana kubwalo, ayang'ana kukhwawa. “Ndinati pabwalo. Ankhoswe alipo, afunseni. Nanga akwere kupita kuti?”



Lamulungu, 22 Novembala

Ndagona kwa apongozi, monga mwa nthawi zonse. A Kodineta ndi gulu lawo anatsika wapansi dzulo, mlongo wawo atavala nsapato za Dominiko. Akuti mu lipoti alemba kuti galimoto yachita bwino kwambiri, vuto linali msewu wabwino. A Gelesomu akana kuisiya. Agona momwemo, ndipo amayi akuwapititsira chakudya ngati ali m'chipatala.

Mapemphero atha msanga chifukwa theka la mpingo linali kukhwawa. Abwera ndi a midzi ina. Pali kale wogulitsa masuku ndi zitumbuwa. Dzuwa lawala, galimoto ikunyezimira kuyambira m'zitseko kupita m'mwamba. Ndaima nawo pagulupo, ndipo ndikuvomereza: sindinaonepo chinthu chokongola chotere.

A Gelesomu alola Nabanda kukhala pampando wakutsogolo kwa kanthawi, atapukuta mapazi. Wagwira lamba, wayang'ana pagalasi, mwana akumenya hutala. Potsika wangoti: “Mpando wake ndi wabwino. Mukanangobwera osauza munthu.” Wapita kukamasula mitolo, chifukwa mphika wophikira ndiwo unali pansi penipeni.

Ndakhala ndikuwayang'ana a Filipo. Munthu amene wawoloka khwawa limeneli chibadwire, amene amadziwa mvula ikubwera pongonunkhiza mphepo. Kodi sankadziwa chimene dothi la pachulu limachita likamwa madzi? Pankhope pawo palibe chowerenga. Auza anthu kuti thirakitala ikadzaichotsa galimoto, miyala ibwezeredwe msanga, chifukwa ana a sukulu akuvutika powoloka. Ati mawu awo aja akadalipo, sanasinthe. Andikumbutsanso kuti mvula yagwa, ndipo munda wa apongozi wa kumtunda ukudikira mkamwini.

Thirakitala akuti mwina Lachitatu, ikapezeka dizilo. Idzaikokera chakumbuyo, kumene inachokera.

Mawa m'mamawa nditsika kuntchito wapansi, ndekha. Galimoto ili pakhwawa, matope mpaka m'zitseko. Pabwalo sinafike.