Mwakhudza, Sunthani!

Mukafunsa aliyense wa mumsewu uja za wometa wa pakona, asanakuyankheni amayamba wabisa manja kumbuyo. Si mwano ayi, n'chizolowezi chimene malemuyo anawasiyira. Munthu uja anali ndi lamulo limodzi lokha pa moyo wake wonse, ndipo analitenga ku masewera a tchesi: kanthu ukakakhudza pabolodi, ukasunthe basi, palibe zobweza dzanja. Dzina lake lenileni linaiwalika kalekale. Ana ndi akulu omwe ankangoti a Mwakhudza.

Lamuloli likanathera pabolodi bwenzi zili bwino, koma ayi ndithu. M'babashopu mwawo, munthu ukangogwira mpando, kaya wabwera kudzafunsa njira, kaya kudzabisala mvula, unkangozindikira nsalu yakukulunga kale m'khosi. Dalaivala wina wa lole analowa tsiku lina kudzapempha madzi akumwa, n'kutsamira mpando.

"Khalani pansi, bambo."

"Akulu, ine ndameta dzana lomweli."

"Mwakhudza."

"Ndangotsamira chabe!"

"Kutsamira ndiye kukhudza ndi thupi lonse. Dzutsani chibwano."

Anatuluka ndi mpala wonyezimira, madzi aja osamwa n'komwe. Chodabwitsa n'chakuti kuchokera tsiku limenelo sanametetsenso kwina.

Ngakhale akazi a Mwakhudza amati banja lawo linayamba chomwecho. Ali mtsikana ankatsika basi, phazi n'kuterereka, mnyamata wina n'kuwagwira dzanja kuti asagwe. M'malo mowasiya, mnyamatayo anayang'ana dzanja lake, n'kuusa moyo, n'kunena kuti, "Chemwali, ndakhudza. Kwanu n'kuti?"

Koma amene analawa lamuloli mpaka kukhuta ndi a Telala a khomo loyandikana. Mashopu awiriwo ankagawana khoma limodzi. Dzuwa likapendeka, makasitomala atachepa, a Mwakhudza ankagogoda khomalo ndi chipeso, go go go! A Telala ankaimitsa makina, n'kutulukira tepi ili m'khosi. Bolodi linkakhala pasitulo m'babashopumo, pakati pa kalilole ndi zenera. Hatchi imodzi yakuda inasowa kalekale, ndiye m'malo mwake ankaikapo kabobini ka ulusi wofiira kochokera kwa a Telala.

Vuto linali lakuti awiriwa ntchito zawo zinawalera mosiyana. Telala msoko ukakhota amangoumasula n'kusokanso. Wometa akadula wadula, tsitsi silimatika ndi guluu. Choncho a Telala dzanja lawo linkakonda kuyamba lalawa: agwire mfumukazi, aone kuti kutsogoloko kuli moto, n'kuyamba kuchotsa chala pang'onopang'ono.

"Ndimangoiimika bwino, inapendama."

"Mwakhudzaaa! Sunthani!"

Mfuu imeneyo inkamveka mpaka kuchigayo, ndipo azimayi ogulitsa pamsewu ankangouzana kuti, "Basi, a Telala aferedwanso mfumukazi."

Chinanso chowawa, a Mwakhudza sankayang'ana bolodi kwenikweni. Ankayang'ana mutu wa mnzawo.

"Achimwene, mutu uwu ndinayamba kuumeta tsitsi lili bii, lero latsala la m'mbali lokha. Ndimaudziwa kunja ndi m'kati. Mukatchera msampha, khutu lanu lamanzere limagwedera. Mukachita mantha, thukuta limayambira pamphuno. Bolodi limanama, koma khutu silinama."

A Telala anayesa kuvala chipewa chophimba makutu. A Mwakhudza anati chipewacho chikugwedera. Anayesa kukhala chammbali, koma kalilole anawaulula. Ankagonja, n'kupsa mtima, n'kulumbira kuti sadzabweranso, mawa lake chipeso chikagogoda n'kuwaona atulukira tepi ili m'khosi.

Ndiye kunabwera foni. Mwana wamkazi wa a Telala, amene amagwira ntchito kutali, anawabweretsera foni yatsopano, n'kuwaikiramo tchesi yosewera ndi kompyuta. Eee, a Telala anapeza mpumulo! Chinthucho sichinkakuwa, sichinkayang'ana makutu a munthu, sichinkaseka. Koposa zonse, pakona pake panali kabatani ka muvi wokhota. Ukalakwitsa, umangodina, mfumukazi yako n'kuuka kwa akufa. Kwa munthu wozolowera kumasula msoko, kameneko kanali kabatani kochokera kumwamba.

Chipeso chinagogoda khoma. A Telala anakuwa kuti ali ndi diresi la ukwati lofunika msanga. Mawa lake chinagogodanso, iwo n'kupondaponda makina opanda nsalu kuti amveke otanganidwa, foni ili pamwendo. Manyazi ankawagwira, inde, koma kabatani kaja kanali kokoma. Kudzera pakhomalo ankamva mnzawo akusewera yekha ndi chithunzi chake cha m'kalilole, mpaka kuchikalipira kuti chakhudza.

Kenako akazi a Mwakhudza anabwera okha, manja m'chiuno.

"Alamu, mnzanu mwamulakwira chiyani? Kunyumba sakudya. Dzulo wameta munthu mbali imodzi n'kumuuza kuti watha. Usiku akumalota akukuwa kuti 'sunthani', ine n'kumasuntha mpaka kugwa pabedi."

Mayiwo akali kulankhula, chitseko chinatseguka mwamphamvu. A Mwakhudza anaima pakhomo, sizasi ili m'thumba la malaya, maso ali psuu.

"Ali kuti amene wandilanda mnzanga? Mutulutseni ndimuone!"

A Telala anatulutsa foni ija mwamanyazi.

"Kameneka? Chabwino. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma malumo ndi ntchito yanga. Loweruka ndisewera nako pamaso pa anthu. Ndikakagonjetsa, mubwerera kubolodi. Kakandigonjetsa, khoma lija sindidzagogodanso mpaka kufa."

"Akulu, musalumbire choncho."

"Ndakhudza kale."

Loweruka masana babashopu inadzaza mpaka pawindo. Dalaivala uja anaimika lole panja katundu ali momwemo. Azimayi anasiya malonda awo m'manja mwa Mulungu. Foni anaigoneka pasitulo, a Telala n'kuima kumbuyo kwa mnzawo kuti aziwasonyeza podina. Panali funso lakuti aike kompyutayo pa ukali wotani, koma popeza panalibe wodziwa kusintha, anaisiya pamene mwana uja anaisiya.

A Mwakhudza anayamba aitembenuza foniyo, kuyang'ana kumsana, kuyang'ana m'mbali.

"Makutu ake ali kuti?"

"Ilibe makutu."

"Mphuno?"

"Ilibe."

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti yachita mantha?"

"Sichita mantha, akulu. Imangowerengera njira zambirimbiri m'kuphethira kwa diso, n'kusankha yabwino."

"Kuwerengera si kuganiza. Ikapambana imakondwa?"

"Ayi."

"Nanga imasewereranji?"

Anthu anaseka chikhakhali, masewera n'kuyamba. A Mwakhudza anakankha msilikali wapakati. Chala chisanachoke n'komwe, foni inali itayankha kale.

"Taonani mwano! Osayamba yakanda ndi mutu womwe, kulemekeza wamkulu!"

Anayesa nzeru zawo zonse zakale. Anaifunsa kwawo. Anaiuza kuti batire yake ikuoneka yotopa. Anaiyang'anitsitsa mwaukali mpaka dalaivala, amene sankasewera n'komwe, anayamba kutuluka thukuta. Foni inangokhala duu. Apo a Mwakhudza anasiya zolankhula, n'kuwerama, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anthu anawaona akuyang'ana bolodi lenilenilo.

Abale, munthu uja ankaidziwa tchesi! Anapereka msilikali dala, foni n'kumeza. Anapereka wina, n'kumezanso, chifukwa chaulere sichikana. Mwadzidzidzi hatchi yawo inalumpha, n'kudya nsanja, chida chachikulu cha kompyuta pabolodipo. Babashopu inagwedezeka. Dalaivala anathamangira panja kukaliza hutala. Akazi a Mwakhudza anavina pakhomo akukuwa kuti, "Ameneyo ndi wanga! Anandikhudza yekha!"

A Telala mtima unali m'mwamba. Anadabwa kupeza kuti akunong'ona chamumtima kuti, "Imalizeni, imalizeni!" Foni inali yawo, koma amene ankamufunira zabwino ndi wa chipeso uja.

Inatsala ntchito imodzi. Mfumukazi ya a Mwakhudza inali pakamwa pa bishopu wa kompyuta, koma ikanangosuntha kupita pakona, mfumu ya mdaniyo inalibe kothawira. A Mwakhudza anaiona njirayo, n'kumwetulira, n'kutembenukira kwa anthu kuti awaphunzitse.

"Taonani ana inu, mutu wa munthu umagwira ntchito chonchi..."

Akutambasula dzanja, chala chawo chachikulu chija, chozolowera kukanikiza mitu ya anthu, chinagunda galasi la foni. Chinagwera pa mfumu yawo. Kabokosi ka mfumuyo kanawala.

Anthu onse ankayang'ana nkhope yawo, palibe anaona. Anaona ndi a Telala okha, amene anawerama msanga n'kunong'ona.

"Sinasunthe. Ingodinani mfumukazi, foni silabadira zimenezo."

A Mwakhudza anapukusa mutu.

"Akulu, chonde. Palibe waona."

"Ine ndaona."

"Ndi ngozi chabe! Galasi ili n'loterera!"

"Basi ija inalinso yoterera, achimwene, koma mkazi ndinakwatira."

Anakweza mawu kuti aliyense amve: "Ndakhudza mfumu!" N'kuisuntha kabokosi kamodzi. Foni sinachedwe, sinachite manyazi, sinanene ngakhale pepani. Inadya mfumukazi ija pompo. A Telala anawasonyeza kabatani ka muvi wokhota, koma a Mwakhudza anakayang'ana monyansidwa.

"Madzi akatayika saoleka. Tiyeni timalize."

Anamenya nkhondo mpaka msilikali womaliza, koma mfumu yawo inafa. Anaimirira, n'kukonza kolala, n'kutambasulira foniyo dzanja monga amachitira anthu akatha masewera. Dzanjalo linakhala m'malere kanthawi.

"Ilibe ndi dzanja lomwe," anatero, n'kuyamba kusesa tsitsi pansi.

Lolemba dzuwa linapendeka, khoma linangoti chete. Lachiwiri chimodzimodzi. Munthu uja mawu ake ankawasunga. A Telala anakhala ndi foni yawo, n'kusewera, n'kubweza, n'kubwezanso, mpaka anapambana. Anadzutsa mutu mwachimwemwe kuti auze munthu, koma m'shopumo munali madiresi okhaokha opachikidwa. Foni inangowafunsa ngati akufuna kuyambanso. Panalibe wowanyoza, panalibe wowauza kuti apambana mwamwayi, ndipo kupambanako kunali kosakoma ngati tiyi wopanda shuga. Chisoni chinawagwira. Anatenga sizasi yawo yaikulu yodulira nsalu, n'kupita pakhoma paja. Go go go!

Kenako mawu anamveka kuseriko.

"Ndani akukhudza khoma langa?"

"Ndine."

"Mwakhudza. Sunthani!"

Anathamanga ngati mnyamata, tepi ikuuluka m'khosi. Tsiku limenelo anagonja kawiri, anakalipiridwa, anauzidwa kuti khutu lawo lakalamba koma silinaphunzire kanthu, ndipo anabwerera kunyumba akuimba mluzu. Foni ija inabwerera ku ntchito yake yoimbira mwana.

Anasewera choncho zaka zingapo, mpaka masana ena a Telala anatchera msampha umene sanautcherepo chiyambire. Anaukonza mwakachetechete, atagwira khutu lamanzere ndi dzanja ngati akulikanda. A Mwakhudza anayang'ana bolodi, anayang'ana mnzawo, n'kuika chala pa kabobini ka ulusi wofiira kaja. Hatchiyo ikanalumphira kumanja, inali itagwa m'dzenje. Ikanalumphira kumanzere, a Telala anali atathedwa. Chala chinakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Achimwene, mutu ukundizungulira. Ndakhudza hatchi, musaiwale. Ndisuntha mawa."

Anatseka shopu dzuwa likanali, zimene sanachitepo. Mawa lake anali kuchipatala, ndipo sanabwererenso.

Pakona paja pano pali wometa wina, munthu waulemu ndithu. Mpando wake mutha kuugwira, kuutsamira, ngakhale kuukhalira n'kuchoka osameta, sanena kanthu. Anthu amati n'zabwino, koma amalowa, n'kugwira mpando, n'kudikira kaye pang'ono ngati pali chimene chikusowa. Dalaivala uja amati masiku ano mumsewumo mumangomveka magalimoto.

Bolodi analinyamula a Telala, mosamala ngati mbale yodzaza madzi, ndipo lili pashelefu pamwamba pa makina awo, chilichonse pamalo pake. Akamapukuta fumbi amalambalala kabobini kaja. Mwana wawo atabwera anawauza kuti atha kuika masewerawo m'foni, kompyuta n'kuwauza pompo kumene hatchiyo iyenera kupita.

"Imeneyo ingandiuze koyenera," anayankha a Telala. "Ine ndikufuna kudziwa kumene akanapita iyeyo. Anauona msampha uja kapena sanauone?"

Amawasowa mnzawo, ndipo sabisa. Nthawi zina amawakwiyiranso, chifukwa munthu amene anavutitsa msewu wonse ndi lamulo limodzi anachoka atasiya kanthu kokhudzidwa kosasunthidwa. Dzuwa likapendeka amaimitsa makina, n'kuyang'ana hatchi ya ulusi wofiira ija, n'kuyang'ana khoma.

"Akulu, mwakhudza," amatero chapansipansi. "Sunthani."

Khutu lawo lamanzere limagwedera, koma palibenso woliona.